Mavocha olipirira pa intaneti: momwe amagwirira ntchito ndi momwe munthu angapewere akuba

Vocha ndi kapepala, khadi kapena uthenga wa pafoni umene uli ndi nambala yachinsinsi. Munthu amapereka ndalama kwa wogulitsa, amalandira nambalayo, ndipo kenaka amaigwiritsa ntchito polipira zinthu pafoni kapena pa intaneti popanda khadi la ku banki. M'chigawo cha Tete, makamaka m'maboma monga Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, muli midzi yambiri imene banki ili kutali, choncho njira yolipiriratu ngati imeneyi imathandiza anthu ambiri. Koma akuba nawonso amaikonda, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi: nambala ya vocha ndiyo ndalama. Amene waona nambalayo n'kuigwiritsa ntchito poyamba ndiye watenga ndalamazo, ngakhale kapepalako kakadali m'thumba mwa mwini wake.

Momwe vocha imagwirira ntchito

Kampani yotulutsa mavocha imasunga nambala iliyonse m'makompyuta ake pamodzi ndi mtengo wake. Wogulitsa akalandira ndalama, makina ake amauza kampaniyo kuti nambala yakutiyakuti yalipiridwa ndipo iyambe kugwira ntchito. Wogulayo akailemba pa tsamba la intaneti kapena pafoni, kampaniyo imaona ngati ikadali ndi ndalama, imalipira, kenaka n'kuitseka. Nambala imene ndalama zake zatha sigwiranso ntchito.

Pa zonsezi, makinawo safunsa kuti amene akulemba nambalayo ndi amene anaigula kapena ayi. Apa ndi pamene vocha imasiyana ndi khadi la ku banki kapena akaunti ya M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, zimene zimalembedwa m'dzina la munthu. Vocha imafanana kwambiri ndi ndalama ya pepala imene yagwa pamsika: wotola amagulira zinthu popanda womufunsa.

Ubwino wake ulipo. Munthu sangataye ndalama zoposa zimene anagulira vochayo, ndipo sapereka nambala ya akaunti yake ya ku banki kwa anthu osawadziwa. Kuipa kwake n'kwakuti ndalama zikapita, kuzibweza n'kovuta kwambiri.

Mitundu ya mavocha imene anthu amakumana nayo

Mtundu woyamba, wodziwika kwa aliyense, ndi recarga ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel, imene ena amati kredito ndipo ena a m'malire ndi Malawi amati mayunitsi. Nambala yake imagwira m'foni iliyonse ya kampani imeneyo, choncho wakuba akailandira amaiika m'foni mwake kapena kuigulitsa kwa wina.

Wachiwiri ndi Credelec, magetsi olipiriratu a kampani ya EDM. Nambala yake imakhala ya manambala 20 ndipo imamangidwa ku mita imodzi. Nambala yogulidwira mita ya nyumba ina singagwire pa mita ya nyumba ina. Pa chifukwa chimenechi akuba saba nambala ya Credelec. M'malo mwake amanamiza anthu kuti akugulitsa magetsi otsika mtengo, amalandira ndalama, kenaka amatumiza nambala yongopeka kapena amazimitsa foni.

Wachitatu ndi mavocha a ku South Africa monga 1Voucher, OTT Voucher ndi Blu Voucher. Amagulidwa ndi ma rand m'masitolo ndi m'timagolosale ta m'makomboni, ndipo amalipirira zinthu pa masamba amene anagwirizana ndi makampani amenewo. Anthu a kuno amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town amakumana nawo tsiku ndi tsiku.

Wachinayi ndi mavocha a ku Ulaya monga paysafecard, imene inayamba ku Austria m'chaka cha 2000 ndipo nambala yake ndi ya manambala 16, komanso Neosurf ya ku France. Wachisanu ndi makhadi amphatso a Google Play, Apple ndi Steam, amene ntchito yake ndi kugulira zinthu monga masewera, nyimbo ndi mapulogalamu. Makhadi a Google Play ndi Apple amamangidwa ku dziko: khadi logulidwa m'dziko lina siligwira pa akaunti yolembetsedwa ku dziko lina. Wogula amene sakudziwa zimenezi akhoza kutaya ndalama ngakhale popanda womubera.

Chifukwa chake akuba amakonda mavocha

Wakuba safunika kukumana ndi munthu amene akumubera. Chithunzi chimodzi cha kapepala chotumizidwa pa WhatsApp, kapena nambala yowerengedwa pafoni, n'chokwanira. Pasanathe mphindi zochepa amakhala atagwiritsa ntchito nambalayo kapena ataigulitsa kwa munthu wina pamtengo wotsika. Akhoza kukhala ku Maputo, ku Lilongwe kapena kutsidya kwa nyanja, chifukwa nambala sidutsa pachipata cha Zóbuè kapena Calómuè.

Khalidweli si lachilendo. Cha m'ma 2012 ku Ulaya kunafala kachirombo ka pakompyuta kotchedwa Reveton. Kankatseka kompyuta n'kuonetsa chizindikiro cha apolisi a dziko la mwini kompyutayo, pamodzi ndi uthenga woti waphwanya lamulo ndipo alipire chindapusa kudzera pa Ukash kapena paysafecard. Mu 2013 apolisi a ku Spain mothandizana ndi Europol anamanga gulu la anthu amene ankachita zimenezi. Ku America, bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission lakhala likuchenjeza kwa zaka zambiri kuti munthu aliyense amene akukakamiza mnzake kulipira ndi khadi lamphatso ndi wakuba. Mayina a mavocha amasintha, koma chinyengo chake n'chimodzimodzi: kuopseza kapena kunyengerera munthu kuti agule yekha vocha ndi ndalama zake, ndipo apereke yekha nambala yake.

Njira zimene akuba amagwiritsa ntchito

Njira yoyamba ndi ya mphoto yabodza. Munthu amalandira uthenga woti nambala yake yapambana njinga yamoto, malata kapena ndalama zambiri pa mpikisano umene sanalowe n'komwe. Kuti alandire, akuti agule kaye recarga ya meticais 500 ndi kutumiza nambala yake. Akatumiza, amauzidwa kuti patsala ndalama ya msonkho, kenaka ya mayendedwe. Zopemphazo sizitha mpaka munthuyo atatopa kapena ndalama zitamuthera.

Yachiwiri ndi ya ntchito. Pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp mumatuluka chilengezo choti kukufunika madalaivala, alonda kapena amakaniko ku migodi ya malasha ku Moatize, kapenanso antchito a m'minda ya zipatso ku South Africa. Wofuna ntchitoyo amauzidwa kuti alipire ya fomu, ya kuchipatala kapena ya yunifomu kudzera pa vocha, ndipo achite changu chifukwa malo atsala awiri. Achinyamata amene angomaliza sukulu ndi amene amagwa kwambiri mumsampha umenewu chifukwa chofunitsitsa ntchito.

Yachitatu ndi ya wachibale amene ali pamavuto. Uthenga umachokera pa nambala yachilendo: "Malume, foni yanga yabedwa, ndili kupolisi kuno, ndigulireni vocha mwachangu, ndikufotokozerani madzulo." Nthawi zina uthengawo umachokera pa WhatsApp yeniyeni ya wachibaleyo, imene akuba ailanda atamunyenga kuti awauze manambala 6 otsimikizira amene WhatsApp imatumiza pafoni. Wolandira uthenga amaona chithunzi ndi dzina la mphwake, ndipo sakayika. Wofanana nawo ndi uthenga uja wofala wa m'Chipwitikizi wouza munthu kuti ndalama ija aitumize pa nambala ina. Umatumizidwa kwa anthu ambirimbiri nthawi imodzi poyembekezera kuti mmodzi mwa iwo anali atatsala pang'ono kutumizira wina ndalama.

Yachinayi ndi ya wodzitcha wa boma kapena wa kampani. Woimba foni amati ndi wapolisi, wa kasitomu, wa ku banki kapena wa kampani ya mafoni. Amanena kuti katundu wagwidwa pamalire, mlandu watsegulidwa, kapena nambala ya foni itsekedwa lero lomwe ngati munthu salipira. Amayankhula mwaulemu, amati "bambo" kapena "mayi", mwinanso amatchula dzina lenileni la munthuyo, limene analipeza pa Facebook kapena pa uthenga wotsimikizira kutumiza ndalama. Kudziwa dzina si umboni woti woimbayo ndi woona.

Yachisanu ndi ya malonda. Wogulitsa foni, feteleza, mbewu kapena pampu yothirira pa intaneti amaika mtengo wotsika kwambiri ndipo amafuna chikole cha vocha katundu asanatumizidwe. Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano amene wagulitsa zokolola zake akhoza kutaya phindu la chaka chonse pa pampu imene anangoiona pachithunzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yachisanu ndi chimodzi ndi ya chibwenzi cha pa intaneti. Munthu amene sanaonanepo naye maso ndi maso amacheza naye kwa milungu kapena miyezi, kenaka amayamba kupempha makhadi amphatso, ati a ulendo, a kuchipatala kapena owombolera mphatso imene yagwidwa pabwalo la ndege. Oberedwa mwa njira imeneyi kawirikawiri amakhala chete chifukwa cha manyazi, ndipo wakubayo amapitiriza.

Yomaliza ndi ya masamba abodza. Ena amati amathandiza munthu kuona ndalama zotsala pa vocha, ena amati amasintha vocha kukhala ndalama za M-Pesa kapena e-Mola, ena amati amapanga manambala a mavocha aulere. Tsamba loterolo limangokolola nambala imene munthu walemba, kapena limamuuza kuika pulogalamu imene imaba mauthenga a m'foni. Palibe makina apa intaneti amene angapange nambala ya vocha yokhala ndi ndalama, chifukwa ndalamazo zimalowa pokhapokha wina akalipira kwa wogulitsa.

Zizindikiro zoti pali chinyengo

Nkhani za akuba zimasiyana, koma pali zinthu zinayi zimene sizisowa. Choyamba ndi changu: munthu amauzidwa kuti alipire tsopano lino, asanadule foni. Chachiwiri ndi chinsinsi: amauzidwa kuti asauze mkazi wake, mwamuna wake kapena wogulitsa vochayo chifukwa chimene akugulira. Chachitatu ndi kusankhiridwa njira yolipirira: woimbayo amatchula mtundu wa vocha, mtengo wake, ngakhalenso sitolo yokagulako. Chachinayi ndi pempho loti atumize chithunzi cha kapepala kapena awerenge nambala pafoni.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: apolisi, makhoti, a msonkho, zipatala, sukulu ndi mabanki salandira malipiro kudzera pa recarga, pa vocha kapena pa khadi lamphatso. Malipiro a boma amakhala ndi chikalata ndi lisiti, ndipo amaperekedwa ku ofesi, ku banki kapena pa njira zimene ofesiyo inalengeza poyera. Mphoto yeniyeni siyamba ndi kulipira. Bungwe lenileni lokongoza ndalama silipempha vocha lisanapereke ngongole.

Zoyenera kuchita pogula

Wogula ayenera kugula kwa wogulitsa wodziwika, amene angathe kumupeza mawa lake pamalo omwewo. Vocha yotsatsidwa pa Facebook pamtengo wochepera mtengo wolembedwa pa iyo ikhoza kukhala yobedwa, yogwiritsidwa kale ntchito kapena yongopeka.

Ngati ndi khadi lopala, aone kuti pamalo obisa nambala sipanapalidwe n'kumatidwanso. Ngati ndi kapepala kotuluka m'makina, katuluke iye akuona, ndipo aone kuti mtengo ndi tsiku n'zolondola. Asalole munthu wina kukajambula, ndipo asakasiye patebulo pamene akuwerenga chenji.

Lisiti ndi kapepalako azisunge kufikira ntchito yake itatha. Pa mavocha ambiri pamakhala manambala awiri: yachinsinsi yolipirira, ndi ina ya siriyo imene kampani imazindikirira vochayo. Ya siriyo ndi imene imathandiza podandaula. Zolembedwa pa timapepala ta m'makina zimafufutika msanga ndi dzuwa ndi thukuta, choncho ndi bwino kukopera nambala ya siriyo m'kope la kunyumba.

Ndi nzeru kugula vocha ya ndalama zokhazo zimene zikufunika ndi kuigwiritsa ntchito msanga. Mavocha ambiri ali ndi tsiku lothera ntchito, ndipo ena amadula kandalama mwezi ndi mwezi akakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito.

Zoyenera kuchita polipira pa intaneti

Nambala ya vocha ili ndi malo amodzi okha oyenera kulembedwa: pa tsamba lolipirira la sitolo kapena kampani imene munthu wasankha yekha, kapena pa pulogalamu yeniyeni ya kampani ya vochayo. Siyenera kulembedwa mu WhatsApp, mu SMS, mu imelo kapena kuwerengedwa pafoni, ngakhale wopemphayo atati ndi wogwira ntchito ku kampani yomweyo.

Munthu alembe yekha adiresi ya tsambalo m'malo mongodina ulalo umene watumiziridwa. Masamba abodza amatengera mtundu ndi chizindikiro cha kampani yeniyeni, koma adiresi yake imasiyana ndi chilembo chimodzi kapena mawu owonjezera. Kachizindikiro ka loko kamene kamaoneka pafupi ndi adiresi kamangosonyeza kuti uthenga ukuyenda mobisika pakati pa foni ndi tsambalo. Sikatsimikizira kuti eni tsambalo ndi okhulupirika, pakuti akuba nawonso amakhala nako.

Asanagule vocha, munthu aone pa tsamba la kampani ya vochayo ngati sitolo imene akufuna kulipirako ili pa mndandanda wa olandira. Mapulogalamu a pafoni atengedwe ku Google Play kapena ku App Store, osati pa fayilo yotumizidwa m'gulu la WhatsApp. Amene wabwereka foni ya mnzake kapena kompyuta ya pamalo olipiritsa intaneti atuluke mu akaunti yake akamaliza. Pa WhatsApp pali njira yoikira nambala yachinsinsi yachiwiri, imene imalepheretsa wakuba kulanda akaunti ngakhale atapeza manambala 6 aja.

Uthenga wopempha thandizo ukabwera m'dzina la wachibale, chofunika ndi kudula kaye zokambiranazo ndi kumuimbira pa nambala yake yakale, kapena kufunsa wina amene amakhala naye. Funso limene yankho lake amalidziwa a m'banja okha, monga dzina la agogo kapena la mudzi umene anakulira, limavumbula wonama msanga. Wachibale weniweni sakwiya chifukwa chodikira mphindi zisanu.

Ngati nambala yaperekedwa kale

Nthawi ndi yofunika kwambiri, chifukwa pali mpata pokhapokha wakubayo asanagwiritse ntchito nambalayo. Ngati ndi recarga, mwini wake aiike m'foni mwake nthawi yomweyo. Ikalowa, wakubayo watsala ndi nambala yopanda kanthu. Ngati ndi vocha ya mtundu wina, aimbire kampani yake pa nambala yolembedwa pa lisiti kapena pa tsamba lake lenileni, apereke nambala ya siriyo ndi kupempha kuti vochayo itsekedwe. Kampani ikhoza kuitseka ngati ndalama zikadalimo, koma palibe lonjezo loti zobedwa kale zidzabwezedwa.

Asatumizenso kanthu, ngakhale wakubayo atalonjeza kuti malipiro otsatira ndi omaliza kapena ataopseza. Asafufute mauthenga. Asunge nambala imene inamuimbira, tsiku ndi nthawi, zithunzi za zokambirana, adiresi ya tsamba ndi lisiti. Ngati anaululanso nambala yachinsinsi ya M-Pesa, e-Mola, mKesh kapena ya ku banki, aisinthe msanga ndi kudziwitsa kampaniyo.

Achenjerenso ndi kuberedwa kachiwiri. Patapita masiku ochepa pamatha kubwera foni ya munthu wodzitcha loya, wapolisi kapena katswiri wa makompyuta, wonena kuti angabweze ndalama zotayikazo ngati atalipidwa kaye pang'ono. Kawirikawiri amakhala a gulu lomwelo.

Kokadandaula

Kubera munthu mwachinyengo, kumene m'Chipwitikizi amati burla, ndi mlandu pansi pa Código Penal ya dziko lino, lamulo nambala 24/2019, ndipo kumaphatikizapo chinyengo chochitika kudzera pa makompyuta ndi mafoni. Malonda ndi malipiro a pa intaneti amayendetsedwanso ndi lamulo nambala 3/2017. Woberedwa akhoza kukanena ku polisi ya PRM imene ili pafupi, ku ofesi ya SERNIC kapena ku Procuradoria ya m'boma lake. Kuyambira 2022, Procuradoria-Geral da República ili ndi tsamba la pa intaneti lolandirira madandaulo a chinyengo cha pafoni ndi cha malipiro a pamakina, mogwirizana ndi mabanki ndi makampani a mafoni. Bungwe la INCM ndi limene limayang'anira makampani a mafoni, pamene Banco de Moçambique imayang'anira mabanki ndi makampani a ndalama za pafoni. Amene waberedwa ali ku South Africa akanene ku polisi ya kumeneko komanso ku kampani ya vochayo.

Lamulo limafuna kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Ichi n'chifukwa chake akuba amafunafuna ziphaso za anthu ena. Munthu asabwereke Bilhete de Identidade yake kwa wina kuti akalembetsere nambala, chifukwa nambalayo ikadzagwiritsidwa ntchito pakuba, ofufuza adzayamba kugogoda pakhomo la mwini chiphasocho.

Ambiri sanena chifukwa ndalama zake n'zochepa kapena chifukwa choopa kusekedwa. Komatu akuba amadalira kukhala chete kumeneku. Nambala imodzi imaimbira anthu ambiri, ndipo dandaulo lililonse limathandiza kuti itsekedwe msanga. Aphunzitsi, amalonda ndi akuluakulu a mipingo nawonso amaberedwa, pakuti chinyengochi chimagwira munthu pa nthawi imene ali ndi mantha kapena chiyembekezo chachikulu.

Udindo wa ogulitsa ndi wa m'banja

Wogulitsa mavocha ndi munthu womaliza kuonana ndi wogula ndalama zisanapite. Akaona gogo akugula recarga zambiri nthawi imodzi, foni ili kukhutu, wina akumuuza zochita, akhoza kufunsa mwaulemu kuti, "Agogo, amene akukutumaniyu mukumudziwa?" Funso limeneli likhoza kupulumutsa ndalama za fodya kapena za chimanga za chaka chonse.

M'banja, achinyamata odziwa mafoni angathandize makolo awo pogwirizana chinthu chimodzi: pasatuluke nambala ya vocha m'nyumbamo asanafunsane. Achibale amene ali ku South Africa kapena ku Portugal angagwirizane ndi a kumudzi njira imodzi yotumizirana ndalama ndi mawu achinsinsi odziwana okha, kuti pempho lililonse lobwera mwa njira ina likayikiridwe. Safunsa anadya phula. Munthu amene wapemphedwa nambala ya vocha azidzifunsa ngati akanapereka ndalama za pepala zomwezo m'manja mwa mlendo amene wakumana naye pamsewu. Ngati yankho ndi ayi, nambalayo isatumizidwe.